Football Manager 2024: ndinatenga Man U kuti ndione ngati kugwetsa timu nkuyambiranso kumathandizadi

Ndakhala ndikusewera Football Manager 2024 kuyambira Seputembala 2024, nthawi ija a Epic Games Store anaipereka ulere kwa sabata imodzi, ndiye ndati lero ndilembeko maganizo anga poti anzanga angapo akhala akundifunsa kuti kodi chimakukhazika pa laputopu mpaka pakati pa usikuchi ndi chani. Ndinene poyambirira kuti ine sindinaitenge chifukwa chokonda zoseweretsa za pa kompyuta ayi, ndinaitenga chifukwa cha mkangano. Ndine wa Man U kuyambira ndili mwana, ndipo kumene timaonera mpira kwathu kuno mkangano wake ndi umodzi chaka ndi chaka, ena akuti timuyi ingogwetsedwa yonse agulitse madala onse tiyambirenso ndi ana, ena akuti ayi United ndi dzina lalikulu singakhale zaka zitatu ikuphunzira kukwawa, igule osewera okhwima ipikisane pompano. Ine ndinali mbali ya ogwetsa ndipo ndinkalankhula mokweza kuposa onse. Nde nditamva zoti pali chinthu chimene chimakupatsa mpando wa manejala, ndalama, bodi, masapota ndi mavuto ake onse, ndinati ndikayesere komweko ndione.

Kwa amene simunaionepo, Football Manager, mwachidule FM, siili ngati FIFA kapena PES kumene umagwira pad nkumathamangitsa wosewera wekha. Muno sumenya mpira ngakhale kamodzi. Iwe ndiwe manejala basi, ntchito yako ndi kusankha timu, kukonza kaseweredwe, kugula ndi kugulitsa, kukambirana makontrakiti, kulemba makochi ndi ma scout (anthu okusakira osewera), kuyankha atolankhani, kenako gemu ikayamba umakhala pa benchi nkumaonerera zimene wakonza zija zikuyenda kapena zikuphwasuka. Anaipanga ndi a Sports Interactive aku London, amaitulutsa ndi a SEGA, ndipo iyi ya 2024 inatuluka pa 6 Novembala 2023, ndiye mukaiyamba mumayambira sizoni ya 2023/24. Ya 2025 sinatuluke nkomwe, anailepheretsa mu Febuluwale 2025, nchifukwa chake ambiri tinakhala nayo nthawi yaitali imeneyi. Chinthu china musadabwe, mukamafufuza Manchester United muipeza yalembedwa Man UFC, zinachitika chifukwa cha mlandu wa dzina umene kalabu ndi a SEGA anamvana mu 2021, koma osewera ndi omwewo ndi maina awo enieni, Bruno, Rashford, Casemiro, Varane, Maguire, Onana, Højlund, onse alimo.

Chimene chinandigwira tsiku loyamba lomwe ndi tsamba lina amalitcha squad planner. Limakuikira osewera ako onse m'magulu malinga ndi msinkhu wawo pa mpira, amene akuphunzira kumene, amene akutulukira, amene ali pachimake, ndi amene dzuwa lapendeka, komanso ukhoza kusuntha nkuona kuti sizoni ya mawa ndi ya mkuja timu idzaoneka bwanji makontrakiti akamatha. Abale, nditaiona United itayalidwa chonchija ndinangoti zoona ndimanena zija. Ndalama zambiri za malipiro zili pa anthu amene adutsa kale zaka 29 ndi 30, kwinaku ana ngati Mainoo ndi Garnacho akulandira zochepa koma ndi amene ali ndi tsogolo. Ndinapanga chiganizo pompo, aliyense wodutsa 29 atuluke, aliyense wa malipiro okwera amene sakugwira ntchito atuluke, ndibweretse anyamata a zaka 18 mpaka 22 basi.

Apa mpamene FM inayamba kundiphunzitsa, ndipo mbali imeneyi ndi imene ndikuipatsa ulemu kwambiri. Kugulitsa wosewera wolandira ndalama zambiri ndi ntchito yowawa. Umamuika pa msika, palibe akubwera. Umatsitsa mtengo, ikubwera timu imodzi koma ikuti timutenga pa loni ndipo malipiro ake inu muzilipirabe theka kapena kuposa. Ina ikuvomera kugula koma wosewerayo akukana chifukwa kumene akupitako samupatsa zimene akulandira pano, ndipo ali ndi kontrakiti ya zaka zitatu ndiye sungamukakamize. Mu ya 2024 anaikamo njira zatsopano, ukhoza kugwiritsa ntchito TransferRoom, msika wa pa intaneti umene makalabu amatsatsirana osewera, kapena kulemba mkhalapakati amene amakusakira ogula nkudyapo gawo lake, zimathandizako ndithu koma sizichotsa vuto lenileni loti kontrakiti yoipa ukaisaina umakhala nayo mpaka ithe. Ndipo taonani zimene zakhala zikuchitika kunja kuno. Sancho anagulidwa £73 miliyoni mu 2021, kenako loni ku Dortmund, loni ku Chelsea, loni ku Aston Villa. Antony loni ku Betis kaye asanagulitsidwe motchipa kwambiri kuyerekeza ndi ndalama zimene anamugulira kuchokera ku Ajax. Rashford loni ku Villa kenako loni ku Barcelona. Ife pa benchi ya pa video show timangokuwa kuti agulitseni agulitseni ngati ndi tomato wa pa msika, osadziwa kuti wogula amayang'ana kaye malipiro a pa sabata asanayang'ane zigoli za pa YouTube.

Komabe ndinakakamira, ndinatulutsa amene ndinatha kutulutsa, ena motaya ndalama, ndipo ndinabweretsa anyamata asanu ndi awiri nthawi imodzi. Pa pepala timu inkaoneka yokongola zedi. Vuto linabwera mu chipinda chovalira. FM ili ndi tsamba lina lotchedwa dynamics limene limaonetsa kuti mu timu muli atsogoleri ndani, amene mawu awo amamveka ndani, ndi magulu a anthu ogwirizana, mwina chifukwa cha chilankhulo kapena zaka zimene akhalira limodzi. Ukagulitsa mtsogoleri, anzake amabwera ku ofesi kwako pagulu kudzafunsa kuti bwana zikutanthauza chani izi, ndipo ukawayankha mwamwano mtima wa timu yonse umatsika. Ine ndinachotsa atsogoleri angapo mwezi umodzi. Anyamata atsopano aja sankadziwana, ena Chingerezi sanachidziwe, kaseweredwe kanga sanakazolowere chifukwa nako kamatenga masabata kuti kalowe m'miyendo, ndiye tikangochinyidwa chigoli chimodzi timu yonse mitu pansi, palibe wokuwa, palibe wokhazika mpira pansi nkuwauza anzake kuti tadekhani. Timasewera bwino mphindi 60 kenako nkugonja mu mphindi 10. Bodi inali itandiuza kuyambira pachiyambi kuti ikufuna malo a Champions League, ine ndinangodina kuvomera osawerenga bwino poti maganizo anali pa msika, ndipo sizoni isanathe anandichotsa ntchito.

Zinandipweteka ndithu, sindinama. Osati chifukwa cha kompyuta, koma chifukwa maganizo amene ndinawagwira zaka zambiri ndinawaona akugwa pamaso panga ndipo zifukwa zake zinali zomveka. Ndinakhala pansi nkuyamba kuganiziranso nkhani ya 1995 imene tonse a United timaikonda. Timati Ferguson anagulitsa Ince, Hughes ndi Kanchelskis nkudalira ana, anagonja 3-1 ku Aston Villa tsiku loyamba, Alan Hansen nkunena pa TV zoti ndi ana sungawine kanthu, koma sizoni imeneyo anatenga ligi ndi FA Cup. Zonsezo nzoona. Koma timaiwala dala kuti Beckham, Scholes, Butt ndi a Neville awiri aja analowa mu timu imene pagolo panali Schmeichel, kumbuyo Bruce, Pallister ndi Irwin, pakati Keane, kutsogolo Cantona atabwera ku chilango chake. Ana aja sanasiyidwe okha pa bwalo, anali ndi akuluakulu owagwira dzanja. Komanso timaiwala kuti Ferguson yemweyo anabwera mu Novembala 1986, chikho choyamba anatenga 1990, ligi 1993. Bodi ya masiku ano ingadikire munthu zaka zimenezo?

Nde ndinayambiranso save ina, kutanthauza kuyamba FM kuchokera pachiyambi, timu yomweyo, ulendo uno ndikuwerenga chilichonse. Sindinapite mbali inayo yongogula madala, chifukwa imeneyo sindikufunika kompyuta kuti indionetse, taionera ndi maso kuyambira pamene Ferguson anapuma mu 2013 atatenga ligi ya nambala 20. Moyes, Van Gaal, Mourinho, Solskjaer, Rangnick wogwirizira, Ten Hag, Amorim, aliyense kubwera ndi kaseweredwe kake nkugula anthu ake, wotsatira nkuwapeza kuti sakumuyenera. Alexis Sanchez mu 2018, Ronaldo kubwerera mu 2021 ali ndi zaka 36, Casemiro mu 2022 ali ndi zaka 30 pa kontrakiti yaitali. Ndipo ndisaname, Casemiro sizoni yoyamba anatithandiza, anagoletsa mu fainolo ya Carabao tinachinya Newcastle 2-0 ndipo tinathera pa nambala 3. Ndi mmene njira imeneyi imakomera, imakupatsa chaka chimodzi chabwino nkukusiyira bilu ya zaka zitatu. Sizoni yotsatira nambala 8, ngakhale tinatenga FA Cup ndi zigoli za Garnacho ndi Mainoo, ana awiri a academy, kenako 2024/25 nambala 15 ndi mapointi 42 komanso kugonja 1-0 ndi Tottenham mu fainolo ya Europa ku Bilbao. Rangnick ananena kale mu 2022 kuti timuyi ikufunika opaleshoni ya mtima osati kungomata mabala, anthu anamuona ngati wolongolola.

Mu save yachiwiriyi chinthu choyamba ndinakambirana ndi bodi. FM imakulola kukambirana zolinga, ukhoza kupempha kuti china achifewetse, nthawi zina amavomera nthawi zina amakana, ndipo ku timu yaikulu ngati iyi safewetsa zambiri. Koma kungodziwa kuti chimene angandichotsere ntchito ndi chiti ndipo chimene angangodandaula nacho ndi chiti kunasintha zonse. Kenako ndinaika lamulo langa la malipiro, kuti palibe wobwera kumene amene adutse mlingo wakuti, olo atakhala waluso bwanji, chifukwa mu FM ukangompatsa mmodzi ndalama zambiri ma agent a enawo amabwera mwezi womwewo kudzafuna zofanana. Ndinasunga Bruno ndi akuluakulu awiri atatu amene khalidwe lawo ndi labwino, nkuwaika m'magulu a mentoring ndi ana, kumene wamkulu amakoka khalidwe la wamng'ono pang'onopang'ono, kulimbikira, kusunga mwambo pa training, zimenezo. Amene kontrakiti ikutha ndinangomusiya ithe osamuwonjezera. Pa windo iliyonse ndinkasintha anthu awiri kapena atatu basi, ndipo ndalama ina mmalo mogulira dzina ndinapempha bodi ikonze za achinyamata, makochi a ana ndi kasakidwe ka ana, poti ku England gulu la ana atsopano limatuluka mu Malichi chaka chilichonse ndipo ubwino wawo umadalirako zimenezo.

Sizoni yoyamba inali yotopetsa, ndikuuzeni zoona. Kunalibe chosangalatsa, timawina 1-0, timafanana mphamvu ndi matimu amene masapota akuti tikanawachinya zinayi, ndipo FM ili ndi tsamba la masapota padera ndi la bodi, ndiye umaona kuti bodi yakhutira koma masapota akung'ung'udza kuti mpira sukukoma. Ndinkawamvetsa chifukwa kunja kuno wong'ung'udzayo ndine. Yachiwiri zinayamba kuoneka, malipiro anatsika, ndalama yogulira inakwera poti ukhoza kusuntha ndalama kuchoka ku bajeti ina kupita ku inzake, ana aja anayamba kukhwima. Yachitatu mpamene timu ndinaimva kuti ndi yanga. Chimene ndinatolapo nchakuti funso lija timakanganirana, kugwetsa kapena kupikisana, limabisa funso lina lofunika kuposa, loti eni timu akupatsa nthawi yochuluka bwanji ndipo akhala nawo maganizo amenewo zinthu zikavuta mu Novembala? Arsenal ndi chitsanzo chimene chimandiwawa kuchitchula koma nchoona. Arteta anabwera Disembala 2019, anathera nambala 8 kawiri motsatizana, anachotsa Özil mu 2021 ndi Aubameyang mu 2022 kalabu ikutaya ndalama, masapota akukuwa kuti achoke, koma mabwana sanagwedezeke, kenako nambala 5, kenako kuyamba kulimbirana ligi ndi Saka, Martinelli ndi Ødegaard. Ku United kochi wothera pa 8 kawiri sakanafika chaka chachitatu.

Tsopano ndinene pamene FM ikunama, chifukwa ikunamadi penapake ndipo amene mukufuna kuigwiritsa ntchito pa mkangano ngati ine muyenera kudziwa. Imapangitsa kumanga timu ndi ana kuoneka kophweka kuposa mmene zilili. Wosewera aliyense ali ndi manambala a luso kuyambira 1 mpaka 20, ndipo scout akamuonera mokwanira amakupatsa nyenyezi zosonyeza pamene ali ndi pamene angadzafike. Zoona nyenyezizo ndi maganizo a scout ndipo zimatha kuphonya, komanso mwana akhoza kuvulala kapena kukhala waulesi osafikapo, koma pansi pake pali nambala yobisika imene inaikidwa kale, ndiye ukakhala ndi ma scout abwino nkumupatsa mwana mphindi zokwanira nthawi zambiri amakula basi. Choipa kwambiri, ukangolowa pa intaneti upeza mndandanda wa ma wonderkid onse, ana amene adzakhale akatswiri, ndi mitengo yawo, ndiye pakatha masizoni anayi timu yako yadzadza ndi anyamata a ku South America amene unawagula motchipa ndipo matimu a kompyuta sakutha kukupirira. Pa moyo weniweni palibe amene amaona nambala imeneyo. Southampton mu 2022 anagula ana ambiri, Bazunu, Lavia, Edozie ndi Larios kuchoka ku Man City ndi ena, maganizo ake omwe aja a ine, ndipo anathera pansi penipeni pa ligi nkutuluka atasintha makochi kawiri. Chelsea itagulidwa ndi gulu la Todd Boehly inathira ndalama zoposa £1 biliyoni makamaka pa achinyamata ndi makontrakiti a zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu, sizoni yoyamba nambala 12, ndipo ngakhale pambuyo pake anatenga Conference League ndi Club World Cup mu 2025, ndi matimu angati angapirire kutaya ndalama zotere akudikira?

Mbali inayi palinso Sunderland, imene inatuluka mu Premier League 2017, nkutulukanso mu Championship 2018, nkukhala masizoni anayi mu League One. Iwowa anamangadi ndi ana, a Jobe Bellingham, Chris Rigg ndi anzawo, ndipo mu 2025 anabwerera atachinya Sheffield United 2-1 pa Wembley chigoli chomaliza akugoletsa mnyamata wa academy Tom Watson. Koma zinatenga zaka zisanu ndi zitatu ndipo anachita kugwa kaye mpaka pansi kuti ayambirenso. Zaka zimenezo mu FM ndi masabata angapo a usiku, umangodina continue. Kwa sapota weniweni ndi mwana kubadwa mpaka kufika Standard 3 timu yake isanaonekepo pa TV Loweruka. Kulemera kwa nthawi kumeneko kompyuta singakupatse.

Za ndalama ndiye anayesetsa. Malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka ndalama alimo, ukhoza kugula molipira pang'onopang'ono kwa zaka zingapo ndipo ngongolezo zimakutsata, sizoni ikubwerayo umadabwa bajeti yachepa chifukwa ukulipirabe anthu amene unagula kale. Zinandithandiza kumvetsa nkhani ngati ya Everton amene anawachotsera mapointi 10 mu Novembala 2023, nkuwabwezera anayi atachita apilo, kenako kuwachotseranso awiri, komanso Forest anayi, zonse chifukwa cha lamulo la nthawi imeneyo loti usaluze ndalama zopitirira malire oikidwa pa zaka zitatu. Komanso chifukwa chake matimu amagulitsa ana a academy yawo, poti sanawagule ndiye ndalama yonse imalembedwa ngati phindu. McTominay anapita ku Napoli mu 2024 nkukatenga Serie A komanso kusankhidwa wosewera bwino wa ligi yonse, ife pakati pathu pali pobowoka. Pamenepo mpamene umaona kuti kugula molakwika zaka zisanu zapitazo kumakugulitsitsa munthu amene ukumufuna lero.

Kaseweredwe pa bwalo nako kali bwino kuposa mmene ndinkaganizira. Mu ya 2024 anaikamo inverted full-back, wakumbali wotchinga kumbuyo amene amalowa mkati nkukhala ngati wachitatu wapakati kumbuyo timu ikakhala ndi mpira, ndipo osewera amasinthana malo mwanzeru wina akakwera wina nkutsekapo, zija timaziona ku City ndi Arsenal. Makona ndi ma free kick anawakonzanso, pali kochi wake wapadera amene amakufunsa mafunso ochepa nkukukonzera, zimene zimapulumutsa nthawi kwambiri. Zithunzi zake za 3D ndi zachikale, musayembekezere zokongola ngati za FIFA, ine ndimaonera pa 2D timadontho tija chifukwa mpamene umaona bwino mipata komanso laputopu siitentha kwambiri. Chimene chimatopetsa ndi atolankhani, mafunso ake ndi omweomwewo gemu iliyonse, pakatha sizoni imodzi umangomutuma wachiwiri wako azikayankha. Kukambirana ndi osewera nakonso nthawi zina sikumveka, umamuyamikira munthu kuti wasewera bwino iye nkukwiya, kapena wosewera wachitatu pa malo ake akufuna kumayamba gemu iliyonse. Ndipo samalani ndi malonjezo, ukamuuza wosewera kuti ndigula straika wina kapena uzisewera kwambiri, FM imasunga tsiku ndi tsiku, ukalephera nkhani imafika kwa timu yonse.

Kwa ife akuno pali zingapo zoti mudziwe. Kuikopera kumafuna bundle yaikulu ndithu, bola mupeze Wi-Fi kapena bundle ya usiku, koma ikangolowa mukhoza kumasewera osalumikiza intaneti nthawi zonse. Siifuna kompyuta yamphamvu kwambiri, yanga ndi laputopu wamba ya ku ofesi yogula kaunjika ndipo imayenda, chinsinsi ndi kusatsegula maligi ambiri, ine ndimatsegula England, Spain, Italy ndi Germany basi, ukatsegula maiko makumi awiri tsiku limodzi la mu FM limatenga nthawi yoti ukhoza kuphika nsima. Ikani kuti izisunga yokha sabata iliyonse chifukwa magetsi akathima batire ili yofooka mutaya ntchito ya usiku wonse. Zonse ndi zowerenga, ma email, malipoti a ma scout, makontrakiti, ndipo ndi Chingerezi cha mpira chambiri, ndiye amene sakonda kuwerenga atopa tsiku loyamba. Ya pa foni, FM24 Mobile, nayo inatuluka kudzera pa Netflix kwa amene amalipira kumeneko, koma ndi yochepetsedwa, zambiri zimene ndafotokoza za chipinda chovalira ndi bodi sizifika kuya kumeneku.

Chimene chimandiwawa ndi choti ligi yathu yaikulu ya ku Malawi simungaisewere mmene FM imabwerera, mu Africa muno ya South Africa ndi imene ilimo, ndiye ukafuna za pafupi ndi kwathu umatenga Chiefs, Pirates kapena Sundowns. Ndikanakonda nditatenga timu ya kwathu chifukwa funso lomweli liliko kuno ndipo mayankho ake ndi ena, ndalama za TV zonga za ku England kulibe, wosewera akangowala amapita kunja, ndiye timu imakhala ikumanganso chaka chilichonse ifune isafune. Bullets ya Kalisto Pasuwa inatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023 uku ikukweza anyamata ochokera ku Reserve yawo, kusintha timu koma osasiya kuwina, ndipo ndikanakonda kuyesa ngati ndingathe zimenezo ndi timu ya bajeti yochepa ya ku Karonga kapena ku Dedza, maulendo a pa basi ndi mabwalo athu omwewa.

Pa 10 ndikuipatsa 8. Ziwirizo ndachotsa chifukwa cha atolankhani obwerezabwereza aja, kusowa kwa ligi yathu, komanso kufewetsa nkhani ya ana. Ngati mumafuna kugwira pad nkumachenjeretsa anzanu ndi ma skill iyi si yanu, musataye bundle. Koma ngati ndinu mtundu wa anthu amene gemu ikatha mumakhalabe panja pa video show ola lathunthu mukukangana za amene agulitsidwe ndi amene atsale, ipezeni, ndipo musayambe ndi City kapena Madrid, tengani timu imene ikuvutika, yodzadza makontrakiti oipa ndi bodi yosapirira, mpamene FM imaonetsa mphamvu zake. Werengani zimene bodi ikufuna musanadine kuvomera. Onani tsamba la dynamics musanagulitse aliyense wamkulu. Ndipo mndandanda wa ma wonderkid wa pa intaneti uja musautsegule, tumani ma scout anu azikulakwitsani nthawi zina, zimakoma choncho.

Kumene timaonera mpira kuja mkangano ukadalipo, ndipo ine ndikadali mbali yoti United imangidwenso, sindinasinthe pamenepo, madala olandira ndalama zambiri pa kontrakiti yaitali sindikuwafunanso. Chimene ndinasiya ndi kukuwa kuti onse achoke pa windo imodzi. Pano ndimafunsa kuti achoke ndani choyamba, amugula ndani pa malipiro amenewo, atsale ndani woti ana azimuyang'ana tikachinyidwa, ndipo Ratcliffe ndi anzake a INEOS amene anatenga mbali ya mpira mu 2024 ali okonzeka kukhala chete miyezi ingati zinthu zisanayambe kuoneka. Save yanga ili mu sizoni yachisanu tsopano, Mainoo ndi kaputeni, ndipo kontrakiti ya Bruno ikutha, ndakhala masiku atatu ndisanadine continue chifukwa sindinaganize ngati ndimuwonjezere chaka chimodzi kapena ndimusiye apite.